MUNDA WA NABOTI NDI MINDA YA M'CHIGWA CHA DOMASI

M'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, muli mbiri ya munthu wa ku Yezireele dzina lake Naboti, amene anali ndi munda wamphesa pafupi ndi nyumba ya mfumu Ahabu. Mfumuyo inaukhumba mundawo kuti idzalemo ndiwo zamasamba, popeza unali pakhomo. Akristu ambiri pomva mbiri imeneyi amafulumira kunena kuti Ahabu anali wolanda, osayamba aona kuti poyamba iye sanafune kulanda konse. Anapita kwa Naboti monga wogula, namlonjeza munda wina woposa uwo, kapena ndalama zokwanira mtengo wake. Malondawo anali abwino ndithu, ndipo zikadachitika pa msika wa Songani anthu akadati Naboti wachita mwayi. Koma iye anakana, natchula dzina la Mulungu pokanapo. Sanadandaule kuti mtengo wachepa. Anangoti mundawo ndi cholowa cha makolo ake, ndipo sikuloledwa kwa iye kuupereka.

Naboti amalima mundawo, amathyola mphesa zake, ndipo anansi ake onse amautcha munda wa Naboti. Komabe iye amadziwa kuti unali m'manja mwake monga chinthu chosungitsa: anaulandira kwa akufa, ndipo anayenera kuusiyira osabadwa. Munthu angathe kugulitsa chake, koma chosungitsa sagulitsa.

Lamulo limene Naboti anaima nalo lili m'buku la Levitiko, mutu 25. M'menemo Mulungu analetsa ana a Israele kugulitsa dziko mpaka kalekale, pakuti dzikolo ndi lake, ndipo iwo akhalamo ngati alendo ake. Munthu akasauka, amaloledwa kupereka munda wake kwa wina, koma mtengo wake amauwerenga potsata kuchuluka kwa zaka zotsala kufikira chaka cha 50, chaka cha Jubile, pamene munda uliwonse umabwerera ku banja lake. Kunena zoona, wogulayo amagula zokolola za zaka zowerengeka, nthaka yeniyeniyo ayi. Ndiponso mbale wa wosaukayo anali ndi udindo wakuombola mundawo nthawi isanakwane, ngati anali nazo ndalama. Lamulo lotere silinaikidwe kuti lizunze ogula. Linaikidwa kuti tsoka la chaka chimodzi, matenda kapena chilala kapena kupusa kwa bambo mmodzi, lisasandutse adzukulu ake onse akapolo.

ZA MAU AKUTI MWINI

Anthu a m'chigwa cha Domasi, Ayao, Anyanja ndi Alomwe, sanadikire amisiyoni kuti adzawaphunzitse zimenezi. Pa mwambo wao munda umayenda ndi mbumba: umachoka kwa mai kupita kwa ana ake aakazi, ndipo mwamuna amakalowa chikamwini kwa mkazi wake, nalima nthaka imene si ya kwao. Woyang'anira zonse ndiye mtsibweni, mlongo wao wa amaiwo, amene amatchedwa mwini mbumba. Pamwamba pake pali nyakwawa, mwini mudzi, ndipo pamwamba pa nyakwawa pali mfumu yaikulu, monga Malemia, mwini dziko.

Tsono mau akuti mwini ameneŵa anyenga anthu ambiri, ndipo aphunzitsi ayenera kuwamasulira bwino pa maphunziro a katekisimu. Mwini njinga angathe kuigulitsa, kuiphwanya kapena kuitaya m'mtsinje, wopanda womfunsa. Kodi mwini mbumba angathe kugulitsa alongo ake? Kodi mwini mudzi angathe kutentha mudziwo chifukwa ndi wake? Iyayi. Mwini mbumba ndiye munthu amene amaitanidwa pa bwalo mphwake akalakwa, amene amathamanga usiku mlongo wake akadwala, amene amaima pa maliro ndi pa ukwati monga nkhoswe. Umwini wake ndi katundu wosenza. Chimodzimodzinso mwini dziko: ntchito yake inali kugawa malo kwa ofuna kulima, kulandira alendo, kuweruza za malire, ndi kusunga manda, madambo ndi nkhalango kuti zikhale za onse. Munthu wosungitsidwa mbuzi amamwetsa ndi kudyetsa, ndipo mwini wake akakondwa amampatsako kamwana. Koma tsiku lomwe wapita nazo mbuzizo ku msika, dzina lake lasintha, wasanduka mbala.

Azungu nawonso ali ndi mwambo wofanana ndi umenewu m'malamulo ao, ndipo amautcha trust. Tanthauzo lake ndi lakuti dzina lolembedwa pa kalata ya malo ndi la munthu mmodzi kapena anthu angapo, koma phindu la malowo ndi la ena, ndipo olembedwawo akadya okha, khoti liwaimba mlandu. Ena mwa oyamba kuthandizidwa ndi njira imeneyi anali ana a Fransisko Woyera wa ku Assisi. Iwo anafika ku England mu 1224, ndipo malamulo a chipani chao amawaletsa kukhala ndi chuma, ngakhale nyumba yogonamo. Motero anthu achifundo amapereka malo m'manja mwa akulu a mzinda, kuti akuluwo awasungire abale osaukawo. Nawo Asilamu, amene ali ambiri m'chigwachi, ali ndi mwambo wao wopatula malo a mzikiti kapena sukulu kuti asagulitsidwenso kapena kugawidwa ngati chamasiye. Mitundu yosiyana chotere inafika pa nzeru imodzi, chifukwa vuto ndi limodzi: munthu amafa, amakalamba, amalowa m'ngongole, pamene nthaka ikhala chikhalire, ndipo oidalira ambiri ndi ana, amasiye ndi osabadwa, amene sangathe kudziimira okha pa bwalo.

PAMENE OSUNGA ANAGULITSA

Chigwa cha Domasi chinaona alendo oyera msanga. Mu 1884 Alexander Hetherwick, wa mpingo wa Church of Scotland, anatsegula misiyoni ya Domasi m'dziko la Malemia, ndipo pa nthawiyo John Buchanan anali atayamba kale kulima khofi ku Zomba. Pambuyo pao panadza ena ambiri ofuna malo, nayenda kwa mafumu a m'mapiri a Shire atanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mafumuwo amaika chizindikiro pa mapepala amene sanathe kuwerenga. Mwina ambiri mwa iwo amayesa kuti akungolandira mlendo monga mwa masiku onse, kumlozera pomanga ndi polima, ndi kulandira mphatso yake. Koma pepalalo limanena zina: limati dzikolo lagulidwa, ndi mitsinje yake ndi mitengo yake, mpaka muyaya.

Mu May 1891 dziko lino linalowa pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Harry Johnston, amene anakhala ku Zomba, anayamba kufufuza malonda amenewo. Amene anawavomereza anawapatsa kalata yotchedwa Certificate of Claim. Malo onse amene anatuluka m'manja mwa anthu mwa njira imeneyi anali maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, gawo lalikulu linali kumpoto, koma nthaka yabwino ya ku Zomba, Chiradzulu, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje inapita nawo. M'makalata ambiri Johnston analembamo mau oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale, kuti isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Mauwo anali abwino pa pepala. Koma anthu a nthawi imeneyo amasamuka nthaka ikaguga, ndipo amene wasuntha munda wake amapezeka kuti watuluka m'chitetezocho. Alomwe amene amalowa kuchokera ku Mozambique m'zaka zimenezo analibe chitetezo ndi pang'ono pomwe. Mu 1903 woweruza Nunan, pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, anadzudzula mapangano amene amasandutsa eni nthaka kukhala alendo olipira pa dziko la makolo ao. Koma kudzudzulako sikunabweze minda.

Umo ndimo mau okoma akuti thangata, amene kale amatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasandukira dzina la goli. Munthu amagwira ntchito ya mwini esiteti mwezi umodzi chifukwa cha malo okhalapo, mwezi wina chifukwa cha msonkho, ndipo miyeziyo imatalika monga momwe kapitao wafunira, makamaka nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu.

Pali chinthu china chimene Akristu ayenera kuchisinkhasinkha pa mbiri ya Magomero, kumwera kwa Zomba. Malo amenewo, maekala oposa 160,000, anali a Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Iye atamwalira mu 1893, malowo anaikidwa m'manja mwa bungwe lotchedwa A. L. Bruce Trust, kuti liwasungire a m'banja lake. Bungwelo linali losunga ndithu, ndipo linasunga mokhulupirika. Koma limasungira ana a ku Scotland, pamene mabanja zikwi zambiri okhala pa nthakayo sanali m'chiwerengero cha osungiridwa. Kumeneko ndiko kumene thangata inawawa koposa, ndipo kumeneko ndiko kumene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, pa 23 January 1915. Masiku omwewo misiyoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa. Motero sikokwanira kufunsa ngati malo ali ndi wowasunga. Funso lalikulu ndi lakuti: akuwasungira yani, ndipo ndani wasiyidwa kunja?

Boma la atsamunda linazindikira mochedwa. Mu 1936 linalamula kuti malo onse amene sanagulidwe ndi Azungu kapena kutengedwa ndi Boma akhale Native Trust Land, dzina limene mu 1950 linasinthidwa kukhala African Trust Land. Malowo anaikidwa m'dzina la nduna yoona za maiko a atsamunda ku London, ndipo Bwanamkubwa wa ku Zomba amawayang'anira kuti apindulire anthu akuda a dziko lino. Ubwino wake unalipo, pakuti khomo logulira dziko kwa mafumu linatsekedwa. Koma msungi ameneyu sanasankhidwe ndi osungiridwa, ndipo iwo analibe bwalo lomufunsirapo. Anthu a ku Domasi anaziona zimenezi pafupi, chifukwa mu 1949 Boma linasankha dera lao kuti liyeserepo ntchito ya chitukuko cha m'midzi, motsogozedwa ndi T. D. Thomson, pafupi ndi sukulu ya Jeanes imene inaphunzitsa aphunzitsi ndi mafumu. Zambiri zimene alangizi amaphunzitsa m'zaka zimenezo, za mizere yopingasa ndi migula yotchinga madzi, zinali zoona. Koma m'dziko lonse malamulo a malimidwe anadza ndi faindi ndi ndende, ndipo anthu anadana nawo. Msungi amene amachitira anthu zabwino osawafunsa asadabwe akamuyesa mdani.

Sir Sidney Abrahams atafufuza za malo mu 1946, analangiza Boma kuti ligule malo a esiteti osalimidwa ndi kukhazikapo anthu. Kugulako kunayenda pang'onopang'ono, mu 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene chinaphetsa anthu, ndipo thangata inathetsedwa mu 1962. Kuchokera pa chizindikiro chimene mfumu inaika pa pepala tsiku limodzi kufikira pamenepo, panapita zaka 70 ndi mibadwo itatu.

AHABU WA MASIKU ANO

Dziko litalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linatcha malo aja malo a makolo, nilinena kuti ndi chuma cha anthu a Malawi, choikidwa m'dzina la Prezidenti. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anaika nthaka yonse m'dzina la dziko lenilenilo. Kenaka mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la malo a makolo, limene linakonzedwanso mu 2022. Lamulo la 2016 linati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti ya malo, wapampando wake gulupuyo, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo akazi. Ndipo linanena poyera kuti komitiyo igwire malowo monga msungi, anthu a m'midzimo ndiwo osungiridwa. Mkristu wosankhidwa mu komiti yotere adziwe kuti walandira ntchito ya Naboti, ndipo kuti Ahabu adzamfika pakhomo.

Ahabu wa masiku ano sachokera kutsidya kwa nyanja. Kawirikawiri ndi mwana wa dziko lomwe lino, wa ntchito yabwino ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, amene akufuna malo m'mbali mwa mseu wa ku Liwonde kuti amangepo nyumba ya lendi. Kufuna kwakeko si tchimo, ndipo ndalama zake ndi zoona. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa anthu: kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, koma chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi nyanja ya Chilwa sichinakule ndi phazi limodzi lomwe. Munda umene agogo amalima okha lero wagawidwa kwa adzukulu asanu, ndipo nthaka imene kale imapemphedwa ndi nkhuku tsopano ili ndi mtengo wa mamiliyoni.

Mlandu umene umabwera kawirikawiri kwa akulu a mpingo umayenda motere. Mtsibweni, amene yekha akudziwa malire ndipo yekha amalankhula ndi anyakwawa, amakumana ndi wogula ku sitolo. Amalemberana kalata, mboni ziwiri zimasaina, chidindo cha mfumu chimadindidwa, ndipo aliyense amalandira yake ya sopo. Alongo ake, eni mundawo, amadzadziwa tsiku limene ngolo ya njerwa yafika pakati pa chinangwa chao. Ana amasiye a mlongo wake womwalira, amene ali ku sukulu kapena ku ganyu kutali, amadzamva patapita chaka. Ndalamazo zimakhala zitatha kale, pakuti za munda wogulitsa mobisa sizichedwa m'thumba.

Pobwerera ku mbiri ya Naboti, nkoyenera kuona amene anamupha. Ahabu anangogona pa kama atakwiya, nakana kudya. Yezebele analemba makalata m'dzina la mfumu, nawadinda ndi chidindo chake. Koma amene analengeza tsiku losala zakudya, amene anakhazika Naboti patsogolo pa anthu, amene anapeza mboni ziwiri zonama ndi kumtulutsa kunja kuti aponyedwe miyala, anali akulu a mzinda wake womwe, anthu omdziwa kuyambira ubwana, amene ntchito yao inali kuteteza cholowa chake. Zonse zinachitika mwa dongosolo, kalata inalipo, chidindo chinalipo, mboni zinalipo, ngakhale mapemphero analipo. Mulungu sananyengedwe nazo, ndipo anatuma mneneri Eliya kukakumana ndi Ahabu m'munda momwemo. Mkristu amene amasaina monga mboni pa malonda amene akudziwa kuti eni ake sanafunsidwe asadzinamize kuti iye anangobwereketsa dzanja.

Eklezia saletsa munthu kukhala ndi malo akeake. Mwezi womwe uja wa May 1891, Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, m'mene anateteza ufulu wa munthu wosauka wokhala ndi kadziko kake ndi kukasiyira ana ake. Msonkhano wachiwiri wa Vatican mu 1965 unakumbutsanso kuti Mulungu anapereka dziko ndi zonse zili m'menemo kwa anthu onse, kotero kuti wokhala ndi chuma achione ngati choyenera kupindulira enanso. Abrahamu yemwe anagula munda wa Makipela kuti aikemo mkazi wake Sara, koma anagula masana, pa chipata cha mzinda, anthu onse akumva, nayeza siliva pamaso pao. Zimachitika kuti banja lapanikizika ndi matenda kapena fizi ya mwana wa ku sekondale, ndipo mbumba yonse, itakhala pansi, yagwirizana kubwereketsa dimba kwa zaka ziwiri, kapena kutaya kachigawo kuti ipulumutse moyo, potsata zimene malamulo a dziko alola. Zotero ndi zachisoni, koma si kuba. Kuba kumayamba pamene wosunga wachita yekha, mobisa, ndi kudya yekha. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silinena za nkhuku ndi chimanga zokha.

Ndipo aphunzitsi asabise chiphunzitso chovuta chimene chimatsata pamenepa. Tchimo la kuba silitha ndi kuulula kokha. Wolapa ayenera kukhala ndi mtima wobweza monga momwe angathere, monga Zakeyo anachitira Ambuye atalowa m'nyumba mwake. Wogulitsa munda wa ana amasiye, ngati sangathe kuuombola, awapatse wake, kapena abweze mtengo wake pang'onopang'ono, ngakhale zitenge zaka. Wansembe ali ndi mphamvu yokhululukira machimo m'dzina la Kristu, koma alibe mphamvu yopatsa munthu munda wa mwini.

Mwambo wa makolo nawonso uli ndi mabala ake, ndipo sikoyenera kuukometsa koposa. Mkamwini amene walima zaka 30 pamudzi, nadzala mango ndi kumanga nyumba ya malata, mkazi wake akamwalira nthawi zina amauzidwa kuti anyamule khasu lake azipita. Mkazi wotengedwa chitengwa amaona zomwezo kwa abale a mwamuna wake. Amene amachita zimenezi amati akusungira mbumba, koma kusunga kopanda chifundo ndi kwa Bruce Trust, kowerenga ena ndi kuiwala ena. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye m'gulu la milandu, ndipo Malembo Oyera anatero kale, pamene anachenjeza za kusuntha malire akale ndi kulowa m'minda ya ana amasiye, popeza Mwomboli wao ndi wamphamvu.

Pali msampha winanso umene ukudza ndi kulembetsa malo. Kulembetsa ndi kwabwino, chifukwa kumatseka pakamwa pa olanda. Koma munda wa anthu khumi ukalembedwa m'dzina la mmodzi, popanda mau osonyeza kuti iye akungoimira ena, pepalalo lamsandutsa mwini weniweni, ndipo ana ake adzaliwerenga motero iye atapita. Ku Lilongwe, kumene malo a mabanja anayamba kulembedwa potsata malamulo a 1967, dzina lolembedwa limakhala la woimira banja, ndipo milandu inabuka pamene oimira ena anayamba kuchita ngati malowo ndi ao. Nkhani yofanana imamveka m'masikimu a mpunga a kumunsi, a Domasi ndi Likangala, amene Boma linakhazikitsa dziko litangolandira ufulu, nkudzayamba kuwapereka m'manja mwa mabungwe a alimi m'zaka za m'ma 2000: komiti ndiyo isunga kaundula wa mapuloti ndi zipata za madzi, ndipo mlimi wamng'ono wa kumapeto kwa ngalande amadya kapena kugona ndi njala malinga ndi chilungamo cha anthu ochepa amenewo. Choncho mbumba ikamalembetsa, maina a alongo alembedwe, ana amasiye atchulidwe, ndipo kalatayo iwerengedwe mokweza pamaso pa onse, osaphunzira amve nawo.

MALO A MPINGO

Eklezia sangalalikire ena zimenezi iye mwini osazisunga. Malo amene pali tchalitchi, sukulu, chipatala ndi manda a Akristu si a bambo mfumu, si a mphunzitsi, si a wapampando wa tchalitchi, ngakhale Ambuye Episkopi sali ao monga munthu. Ansembe amasinthidwa, maepiskopi amapuma: dayosizi ya Zomba, imene inakhazikitsidwa mu 1959 pansi pa Ambuye Lawrence Hardman, yaona abusa angapo chiyambire, koma malo ake akali a Akristu omwewo ndi ana ao. Nchifukwa chake malamulo a dziko, kuyambira mu 1962, amalola mipingo kulembetsa gulu la osunga chuma chake, kuti malo alembedwe m'dzina losafa, m'malo mwa dzina la munthu amene mawa adzaikidwa m'manda abale ake nkudzati ndi chamasiye. Malamulo a Eklezia a 1983 amalamula woyang'anira chuma cha mpingo kuchisamala monga bambo wabwino asamalira nyumba yake, amaletsa kugulitsa chuma chachikulu popanda chilolezo cha akulu, ndipo amafuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe la Akristu lothandiza pa za chuma. Paulo Woyera polembera Akorinto anati chofunika mwa kapitao ndi kukhulupirika.

Vuto lili ku matchalitchi aang'ono a kumidzi. Ambiri mwa iwo anamangidwa pa malo amene gogo wina wachikhulupiriro anapereka ndi pakamwa, anyakwawa a nthawiyo atavomera, mboni zake mitengo iwiri ndi chulu. Gogoyo anapita, anyakwawa analowa ena, mitengo inatha ndi makala, chulu anaumbira njerwa. Tsopano adzukulu, amene minda yawachepera ndithu, akulima mpaka pa khonde la tchalitchi, ndipo Akristu ena akufuna kuthamangira ku khoti. Mbali zonse ziwiri zili ndi chonena. Mphatso yoperekedwa kwa Mulungu sailandanso; koma mpingo umene uli ndi maekala ogonera, pamene adzukulu a woperekayo alibe podzala chimanga, uyenera kudzifunsa ngati ukusunga kapena ukungoumira. Mwinanso mphunzitsi amene wakhala nthawi yaitali pa malo a mpingo, nadzalapo nthochi ndi bulugamu, amayamba kuwayesa ake, ndipo ana ake amakana kutuluka iye atamwalira. Zonsezi zimachokera ku chinthu chimodzi, kusalemba pamene anthu anali kukondana.

Tsono dzinja lisanafike, mphunzitsi aliyense aitane akulu a tchalitchi chake, anyakwawa, ndi a banja limene linapereka malowo, makamaka amai achikulire amene amakumbukira pamene khasu la mai ao limalekezera. Ayende nawo malire onse ndi miyendo, masana, ndipo pamene agwirizana adzalepo khonje kapena aikepo miyala. Zimene apangana zilembedwe m'Chichewa chomveka, ndi tsiku lake, ndi maina a onse amene analipo. Ngati pali chigawo chimene banjalo lilimepo mongobwereka, chilembedwenso, ndi zaka zake. Makalatawo akhale atatu: imodzi kwa anyakwawa, imodzi kwa banjalo, ndipo yachitatu mphunzitsi apite nayo yekha kwa bambo mfumu, kuti ikalowe m'kaundula wa parishi ndi kutumizidwa ku likulu la dayosizi, kumene adzaone za kulembetsa malowo ku Boma.